Mankhwala a Mutu Womenyeka Sali pa Kantemba

Ku wailesi kumene nimathandizako, nchito imene anzanga ambili amaithawa ni yowelenga mauthenga a malilo. Ine nimaigwila kawili pa mlungu. Wacibale amabwela na kapepala, nthawi zina kong'amba m'buku la mwana wa sukulu, ine nikonza mau, ndiyeno niwelenga uku nyimbo ya kwaya ikulila pansi-pansi. Caka catha n'nalandila kapepala kamene sikanafunike kufunsa kalembedwe ka dzina, cifukwa dzinalo linali la msuweni wanga, mwana wa amalume. Anali na zaka 24.

Anagwa pa njinga yamoto pa Cisanu madzulo. Sanali kuthamanga ngako. Galu anadutsa, iye anamanga mabuleki pa mcenga, mutu unagunda m'mbali mwa ngalande. Helemeti inali yomangilila kumbuyo kwa mpando. Anzake akamba kuti anakomoka kamphindi cabe, ndiyeno anauka, anadzikuntha fumbi, n'kuseka. "Nili cabe bwino, boi." Anamupeleka kunyumba. Mutu utayamba kuwawa, mmodzi anathamangila ku drug store ya m'komboni, anafotokoza zonse, ndipo wogulitsa anamupatsa Brufen na tumapilisi tuwili twa dexamethasone, ati ni twa kutupa. Msuweni wanga anasanza kawili. Amake anati kapena ni mowa, ngakhale kuti tsikulo sanamwe. Anagona ca m'ma 21:00. Pakati pa usiku mng'ono wake anamumva akuliza mkonono waukulu, anati akulu alema, asiyeni apumule. M'mawa sanauke. Ku cipatala anamulembela zilembo zitatu zija zimene tonse timazidziwa, BID, kutanthauza kuti anafika atafa kale.

Sinilemba izi kuti niimbe mlandu amake kapena anzake aja. Anacita zimene tonse timacita. Cimene nilimbana naco ni cikhulupililo cimene takula naco m'makomboni, cakuti vuto lililonse la m'thupi lili na pilisi yake, ndipo pilisiyo ipezeka pa kantemba ka pa kona. Dzino likawawa, Brufen. Mwendo ukatupa, diclofenac. Mutu ukagunda pa simenti, cimodzi-modzi. Nikamba mosabisa: pa mashelufu onse a ma drug store a mu Lusaka palibe pilisi olo imodzi imene ingaphwetse ubongo wotupa cifukwa ca ngozi. Mankhwala othandizako alipo, koma ni ocepa, amapita m'mitsempha, amapelekedwa ku cipatala, ndipo ali na maola ake. Amene akuuzani zina akukudyelani ndalama, komanso akudya nthawi ya wodwala wanu.

Pambuyo pa malilo n'nayamba kuvutitsa madokotala na manesi amene amabwela pa pulogilamu yathu ya zaumoyo, na kuwelenga zimene ananilozela. Coyamba cimene n'namvetsa ni cifukwa cake kutupa kwa m'mutu kumasiyana na kutupa kwina konse. Bondo likatupa lili na kopita, khungu limatanuka. Ubongo uli m'cibade, bokosi la fupa limene silitanuka olo pang'ono. Ganizilani minibasi ya ku Kanyama ca m'ma 17:00, yodzala, citseko cotseka. Mkati muli okwela atatu. Ubongo watenga magawo pafupifupi 80 pa 100, magazi 10, ndipo madzi amene ubongo umayandamamo 10. Madokotala awili a ku Scotland, Alexander Monro mu 1783 na George Kellie mu 1824, ndiwo anafotokoza lamulo lake: wina akalowa kapena akakula, wina ayenela kutuluka. Coyamba kufinyidwa ni madzi aja. Pambuyo pake magazi. Malo akathelatu, ubongo weniweniwo umakankhidwila ku khomo lokhalo limene lilipo, kabowo ka pansi pa cibade, ndipo pamenepo m'pamene pali mbali imene imayendetsa kupuma na kugunda kwa mtima. Mkonono uja umene mng'ono wake anamva siunali wa kulema. Kunali kupuma kwa munthu amene ubongo wake unali kufinyika.

Mwa munthu wamkulu wabwino-bwino, mphamvu yokankha mkati mwa cibade nthawi zambili siipitilila 15 pa muyeso umene amapimila BP. Malangizo a mu 2016 a bungwe la Brain Trauma Foundation la ku America amati ikapitilila 22 madokotala ayenela kucitapo kanthu. Zimene zimaikweza pambuyo pa ngozi ni ziwili. Cimodzi ni magazi amene akukha mkati n'kuunjikana. Cina ni kutupa kwa ubongo wovulalawo, kumene kungapitilize kukula kwa masiku awili, atatu kapena kuposa. Zonse ziwili zimafuna nthawi kuti zionekele, ndiye cifukwa cake munthu angauke, kuseka, kuyenda, ndiyeno n'kumwalila usiku. Izi sizicitikila osauka okha. Mu March 2009, Natasha Richardson, katswili wa mafilimu wa ku Britain, anagwa pophunzila kutsetseleka pa cipale cofewa ku Mont Tremblant m'dziko la Canada. Anauka, anali kukamba bwino, anakana thandizo poyamba. Patapita masiku awili anamwalila na magazi ounjikana pakati pa cibade na ubongo. Anali na ndalama zogulila mankhwala alionse padziko. Cimene anataya ni maola.

Manje tiyeni ku dexamethasone, ka "dexa" kamene atsikana ena amamwa kuti anenepe ndipo wogulitsa uja anakapeleka na mtima wonse. Mbili yake ni imene inanikwiyitsa kwambili. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, madokotala a ku Minnesota anaona kuti mankhwala amenewa amaphwetsa bwino kutupa kozungulila cotupa comela mu ubongo, monga ca khansa. Mpaka lelo amasewenza pa vuto limenelo. Conco anthu anaganiza kuti ngati asewenza pa cotupa, ayenela kusewenzanso pa ngozi. Zinali zomveka. Kwa zaka zoposa 30 zipatala zikulu-zikulu padziko lonse zinali kupatsa ma steroid anthu ovulala m'mutu, popanda umboni wolimba wakuti amapulumutsa.

Mu 1999 gulu lotsogoleledwa na Ian Roberts ku London linayamba kufufuza nkhaniyi mokwanila. Kafukufukuyo anachedwa CRASH. Odwala ena anapatsidwa methylprednisolone, m'bale wake wa dexamethasone, kwa maola 48. Ena anapatsidwa dilipu yooneka cimodzi-modzi koma yopanda mankhwalawo. Anafuna kufika pa odwala 20,000, koma mu 2004 anaimitsa atafika pa 10,008, m'zipatala 239 za m'maiko 49. Cifukwa cake? Pa odwala 100 alionse amene analandila steroid, 21 anafa m'milungu iwili. Pa amene sanalandile, anafa 18. Patapita miyezi 6 kusiyanako kunalipobe, 26 kwa 22. Mankhwala amene anali kupelekedwa kuti apulumutse anali kuwonjezela malilo. Kucokela nthawiyo, malangizo a madokotala amaletsa ma steroid pofuna kuphwetsa ubongo wovulala pa ngozi.

Papita zaka zoposa 20 kucokela pamene izi zinalembedwa m'magazini ya zamankhwala ya The Lancet, koma uthengawo sunafike pa kauntala ya m'komboni mwathu. Ngati maprofesa a ku Ulaya na ku America anapusitsika zaka 30 na maganizo akuti "zimveka monga zingasewenze," nanga mnyamata amene anaphunzila mankhwala mwa kuwelenga pa makatoni? Sinikamba kuti tumapilisi tuwili tuja ndito tunaimitsa mtima wa msuweni wanga. Tunacita coipa cina. Tunakhazika mitima ya banja pansi. Munthu akamwa mankhwala timati tacitapo kanthu, tiyeni tione m'mawa.

Ndipo si ma steroid okha amene anagwilitsa anthu mwala. Progesterone, homoni ya m'thupi, inaoneka yodabwitsa pa makoswe a m'malabu na pa odwala ocepa oyambilila. Mu 2014 zofufuza ziwili zikulu, za odwala oposa 2,000 pamodzi, zinapeza kuti siithandiza. Akatswili okhala na ndalama na makina ayesa mankhwala ambili-mbili kwa zaka makumi, ndipo pilisi yocilitsa ubongo womenyeka sanaipeze. Conco mukaona munthu pa Facebook kapena m'basi akutsatsa botolo la "kutsuka ubongo" kapena "kusungunula magazi a m'mutu," dziwani kuti akugulitsa cimene alibe.

Nanga ku cipatala amapeleka ciani? Odziwika kwambili ni mannitol. Ni mtundu wa shuga umene umalowetsedwa m'mitsempha n'kutuluka mu mkodzo. Kasewenzedwe kake mumakaona m'khichini. Mukathila mcele pa matimati odula-dula, madzi amatuluka okha. Mannitol imapangitsa magazi kukoka madzi kucoka mu ubongo mwanjila yofananako. Amapima kulingana na kulemela kwa wodwala, kuyambila kota ya gilamu mpaka gilamu imodzi pa kilo iliyonse, ndipo pa mphindi 15 mpaka 30 mphamvu yokankha ija imatsika. Mnzake ni dilipu ya mcele wambili. Dilipu wamba ili na mcele 0.9 pa 100, koma iyi ili na 3 pa 100 kapena kuposa. Wina asamve izi n'kukasungunula mcele m'kapu. Madzi a mcele akumwa safika kumene afunika, ndipo munthu wosokonezeka mutu angatsamwe nawo n'kufa.

Madokotala oona mtima adzakuuzani kuti mannitol ni kaloba. Imakubweleka maola ocepa, ndipo uyenela kubweza na ciwongola dzanja. Wodwala amakodza kwambili, madzi amacepa m'thupi, BP ingatsike, ndipo BP yotsika ni mdani wamkulu wa ubongo wovulala cifukwa magazi amalephela kukwela kukaudyetsa. Ikaculuka imawononga impso. Ndiye cifukwa cake amaipeleka pamene pali nesi wopima BP na mkodzo, komanso labu yopima magazi. Dilipu ya mcele nayonso ili na malile. Ku America na ku Canada anayesa kuipeleka mu ambulansi kwa ovulala kwambili m'mutu, ndipo zotsatila za mu 2010 zinaonetsa kuti patapita miyezi 6 panalibe kusiyana. Mankhwala awiliwa amatsitsa mphamvu yokankha, zimenezo n'zoona. Nchito yawo ni kusunga munthu kuti afike pa makina a CT na pa tebulo la opaleshoni akali moyo.

Ku ICU kuli zina. Amagoneka wodwala na mankhwala kuti ubongo upumule, makina n'kumamupumila. Zikavuta kwambili amafika pa mankhwala amphamvu monga thiopental, amene nawonso amatsitsa BP. Phenytoin amaipeleka masiku 7 oyambilila kuti wovulala kwambili asagwe khunyu. Amakweza kumutu kwa bedi madigili 30 kuti magazi atsike bwino. Palibe olo cimodzi mwa izi cimene mungacite pa mphasa kunyumba.

Pali mankhwala amodzi amene ananipatsako ciyembekezo, ndipo ndiwo anicititsa kulemba nkhani ino. Dzina lake ni tranexamic acid, ambili amangoti TXA. Anatulukilidwa ku Japan mu 1962 na Utako Okamoto pamodzi na mwamuna wake Shosuke. Saphwetsa kutupa. Amateteza magazi amene agwilana pa bala kuti asasungunuke, conco kukha kwa mkati kumacepa, ndipo wokwela wacinayi uja m'minibasi sakula msanga. Gulu la ku London lija linawayesa pa kafukufuku wa CRASH-3, wa odwala 12,737 m'zipatala 175 za m'maiko 29, ndipo zotsatila zinatuluka mu 2019. Amapeleka gilamu imodzi m'mtsempha pa mphindi 10, ndiyeno gilamu ina pang'ono-pang'ono kwa maola 8. Sinidzakokomeza. Pa odwala onse pamodzi kusiyana kunali kocepa, ndipo kwa ovulala koopsa, amene anali cikomokele, sanathandize. Koma kwa ovulala pang'ono kapena pakati-kati amene anawalandila m'maola atatu oyambilila, imfa zinatsika kucoka pa 7.5 kufika pa 5.8 pa odwala 100 alionse, ndipo amene anawalandila mwamsanga ndiwo anapindula kwambili.

Welengani zimenezo kawili. Amene TXA inawathandiza ni aja amene akali kutsegula maso, akali kuyankha, koma magazi akukha mkati. Ni aja amene ise timawanena kuti "ali cabe bwino" n'kuwapeleka kunyumba. Mankhwalawa ni ochipa, safuna filiji, ndipo manesi a ku mawodi a azimai amawadziwa cifukwa kucokela mu 2017 bungwe la WHO limalangiza kuwapatsa mzimai wotaya magazi kwambili pobeleka. Koma khomo lake ni maola atatu. Msuweni wanga anagwa ca m'ma 17:30. Pamene maola atatu anali kukwana, iye anali pa mpando kunyumba, akumeza Brufen. Sinidziwa ngati TXA ikanamupulumutsa, ndipo palibe angalumbile. Nidziwa cabe kuti sanapatsidwe mpata woyesa. Ndipo wina asathamangile kukagula mapilisi a TXA kuti asunge m'thumba. Wa zaumoyo ndiye aona amene afunikila nyeleti imeneyo.

Magazi akaunjikana kale kwambili, palibe dilipu imene ingawacotse. Pafunika dokotala wotsegula cibade. Kafukufuku wina wakale wa ku America, wa mu 1981, anaona odwala 82 okomoka amene anali na magazi pansi pa cikuto ca ubongo. Mwa amene anacitidwa opaleshoni m'maola anayi, anafa 30 pa 100. Mwa amene anacedwa kupitilila apo, anafa 90 pa 100. Okonda mpila mukumbukila Raúl Jiménez wa Wolves, amene anagundana mitu na David Luiz wa Arsenal mu November 2020. Cibade cinasweka. Anamunyamula pa macila, anapita naye ku cipatala mosataya nthawi, anacitidwa opaleshoni, ndipo caka cotsatila anabwelela m'bwalo. Palibe anamuuza kuti amwe tuwili agone.

Brufen yeniyeniyo si yosalakwa. Aspirin, ibuprofen na diclofenac zimafooketsa kugwilana kwa magazi, conco kuzipeleka kwa munthu amene mwina akukha magazi m'mutu ni kuthandiza mdani. Tramadol, Valium, mankhwala a cifuwa okhala na codeine, komanso mowa, zimabweletsa tulo na kucedwetsa kupuma, ndipo zimabisa cizindikilo cacikulu cimene nesi afuna kuona, cakuti munthu akucangamuka kapena akuzimilila. Ngati mutu uwawa ndipo palibe cizindikilo coopsa, Panadol ndiye yabwino. Koma nayonso imangocepetsa kuwawa. Siikhudza zimene zikucitika mkati.

Nidziwa zimene mudzaniyankha, cifukwa omvela amanitumila foni n'kuniuza. "Ba wailesi, mukamba monga simukhala mu Zambia. Ku cipatala kuli mzele, makina a CT ni ocepa, madokotala a ubongo ni owelengeka, ndipo taxi ya usiku ni ndalama ya ndiwo za mlungu." Zonsezo n'zoona, ndipo n'nakhalapo pa benchi mpaka mbandakuca na mwana wodwala. Koma tiwelengele bwino. Banja la amalume linalephela kupeza ya taxi pa Cisanu. Pa Mande linapeza ya bokosi, ya basi yopita kumanda, ya nkhuni, unga na kabichi ya masiku atatu. Ndalama timaipeza munthu akafa. Tiphunzile kuisonkha akali kupuma.

Komanso nesi safunika makina kuti aone ngozi ikubwela. Kucokela mu 1974 pali muyeso wa Glasgow Coma Scale, wopangidwa na Graham Teasdale na Bryan Jennett, woyambila pa 3 kufika pa 15. Amaona ngati maso atseguka, ngati munthu ayankha zomveka, ngati manja na miyendo zimvela. Akawonjezela tochi younikila mwana wa diso, angadziwe amene afunika kutumizidwa ku cipatala cacikulu manje-manje. Mbali yanu ni kukamba zomveka pa khomo. Musakambe cabe kuti "mutu umuwawa." Kambani kuti, "Ba nesi, wagunda mutu pa nthawi yakuti, anakomoka, wasanza kawili, wamwa mankhwala akuti." Mau amenewo amasintha malo anu pa mzele.

Ena amati, "Tiyambile ku polisi tikatenge fomu." Makamaka ngati munthu wamenyedwa na botolo ku bala kapena wagundidwa na motoka, timataya maola pa desiki ya polisi uku wovulala wakhala pansi atatsamila cipupa. Fomu ni ya mlandu, ndipo mlandu suwola. Gawanani nchito. Wina apite ku polisi, ena athamangile ku cipatala na wodwala.

Ena amati, "Wakolewa cabe, mulekeni agone." Awa ndiwo mau amene aika anyamata ambili m'manda. Woledzela ndiye amagwa kwambili, ndipo kukamba mosokoneza, kudzandila na kusanza ni zizindikilo za mowa komanso za ubongo wofinyika. Simungazisiyanitse na maso. Ngati wamwa ndipo wagunda mutu, muoneni monga wovulala mpaka wa zaumoyo atakamba kuti ayi. Ndipo kwa amene amati tiyambe tapemphela, ine nine wa chechi, sinitsutsa pemphelo. Pemphelani muli m'motoka.

Kodi ndiye kuti aliyense wogunda mutu pa citseko athamangile ku UTH? Iyai. Ambili amacila okha, ndipo tikadzaza zipatala na tumabampu tidzacedwetsa amene ali pa ngozi. Koma zizindikilo izi zisungeni pamtima monga nambala ya foni ya amai anu: munthu anakomoka olo kamphindi, sakumbukila zimene zinacitika, wasanza kangapo, mutu ukuwawilako-wawilako, ali na tulo tosadziwika bwino kapena avuta kuutsa, akamba zosokoneza, dzanja kapena mwendo wafooka, wagwa khunyu, magazi kapena madzi oyela akutuluka m'khutu kapena m'mphuno, mwana wa diso limodzi wakula kuposa mnzake. Cimodzi cabe mwa izi cikwanila. Nkhalamba, khanda, na munthu amene amamwa mankhwala ocepetsa kugwilana kwa magazi monga warfarin, apite olo aoneke bwino. Pomunyamula, mutu na khosi zikhale zowongoka, osamukoka monga thumba la makala, cifukwa khosi lingakhale lothyoka. Akasanza, mutembenuzeni thupi lonse pamodzi agonele m'mbali. Osamumwetsa kanthu. Ndipo amene wabwezedwa kunyumba na acipatala asagone yekha usiku woyamba.

Sitingasenzetse mabanja katundu yense. A Unduna wa Zaumoyo na a ZAMMSA atiuze poyela ngati TXA ipezeka pa malo olandilila ovulala m'zipatala za m'makomboni monga Kanyama, Chawama, Matero, Chilenje na Chipata, komanso ngati amene ali pa nchito usiku anaphunzitsidwa nthawi yoipeleka. Maola atatu amathela m'njila, conco mankhwala a maola atatu ayenela kukhala pafupi na kumene anthu amagwela. Ma ambulansi ogulidwa na ndalama za CDF tisamangowaombela m'manja pa tsiku lowalandila. Funsani khansala wanu kuti mkati muli ciani ndipo muli ndani, cifukwa ambulansi yopanda oxygen na munthu wophunzila ni minibasi ya sailini cabe. A ZAMRA ayendele ma drug store amene amagulitsa ma steroid monga maswiti popanda kalata ya dokotala. Ndipo ise a mawailesi tidziyang'ane. Sitingaulutse pulogilamu ya zaumoyo ca m'ma 10:00, ndiyeno ca m'ma 11:00 n'kuulutsa malonda a botolo locilitsa matenda 40 cifukwa mwini wake walipila.

Cotsiliza ni cathu ise acicepele. Bungwe la WHO limati ngozi za pamseu ndizo zimapha kwambili anthu a zaka 5 mpaka 29 padziko lonse, ndipo kuno kwathu zimatenga anthu pafupifupi 2,000 caka ciliconse. Njinga zamoto zaculuka, kuyambila za madelivale mu Lusaka mpaka zonyamula anthu ku Chipata, Katete na Petauke. Akatswili a Cochrane ataphatikiza zofufuza zambili anapeza kuti helemeti imacepetsa kuvulala m'mutu na 69 pa 100, ndipo imfa na 42 pa 100. Bwelelani m'mwambamu muyelekezele na manambala a mankhwala onse amene nachula. Palibe olo amodzi amene afika pafupi. Koma timaikoloweka pa hendulo cifukwa imatentha, imawononga tsitsi, ndipo tipita cabe apa pafupi. Timaivala tikaona a RTSA kapena apolisi, lamba wosamanga, monga kuti cibade ni cawo.

Helemeti ya msuweni wanga ikali kunyumba kwa amalume, pamwamba pa kabati, yatsopano, ilibe olo pokalika. Amalume sailola kugulitsidwa.

Conco tsiku limene mnzako adzagwa pa njinga, kapena kumenyedwa ku bala, kapena kugundana mitu pa bwalo la fumbi, ndiyeno n'kuuka akuseka, cita cinthu cimodzi coyamba. Ona nthawi pa foni, uilembe pa dzanja. Ukaona cizindikilo olo cimodzi mwa zija, ndalama imene unafuna kupeleka pa kantemba upatse wa taxi. Mnzakoyo adzakana, adzati umucititsa manyazi, mwina adzakutukwana. Mulole akutukwane ali pa bedi ya cipatala. Ine pa Ciwili na pa Cinayi nimakhala m'situdiyo kuyembekezela tumapepala, ndipo sinifuna kalembedwe kako.